Kope la Anyamata a Ndege

Nkhani imene tikufuna kukusimbirani mwezi uno ndi yaing'ono, ndipo ena mwa inu mudzadabwa kuti mkulu wa mpingo, munthu amene imvi zayamba kale kumuyendera, angatayirenji nthawi ndi pepala pa zidole za ana. Komatu nkhaniyi inatisowetsa tulo masiku angapo, inatiyambanitsa ndi mbale wathu amene takhala naye limodzi pamsonkhano wa akulu a mpingo zaka zambiri, ndipo kufikira lero sitinganene kuti yatheratu. Chifukwa chake taganiza zoiika poyera kuti makolo ndi achinyamata aiweruze okha.

Kwathu kuno kwa Dambe, m'boma la Mchinji, Ogasiti ndi mwezi wa mphepo. Chimanga chimakhala chili m'nkhokwe, mtedza utakumbidwa, ana ali patchuthi, ndipo bwalo la mpira limene lili pakati pa sukulu ndi tchalitchi limauma gwa. Ife pa unyamata wathu tinkapanga magalimoto a waya ndi ndege za mapesi, koma ndege zathuzo sizinkauluka. Tinkangothamanga nazo m'manja uku tikulira ndi pakamwa ngati injini. Pamene bwalo la ndege la Kamuzu linatsegulidwa ku Lumbadzi mu 1983 tinangomva pawailesi, ndipo ndege yeniyeni tinkaidziwa ngati kamzere koyera kumwamba kolowera chakumadzulo.

Ana a lero anamva zina. Mu Juni 2017 boma pamodzi ndi bungwe la UNICEF linatsegula malo oyeserako ndege zing'onozing'ono zouluka popanda munthu m'kati, zimene amazitcha drone, kwa anansi athu ku Kasungu, ndipo dera lake linali la makilomita 40 mbali zonse kuchokera pabwalo la ndege la kumeneko. Chaka chomwecho ophunzira a m'dziko muno, mothandizidwa ndi aphunzitsi a ku Virginia Tech ku America, anapanga ndi manja awo ndege yotere ya zipangizo zopepuka ndi zotsika mtengo, ndipo inauluka yokha makilomita 19 kuchokera pachipatala cha Gogode kukatera pabwalolo. Mu Januwale 2020 ku Lilongwe kunatsegulidwa sukulu yophunzitsa achinyamata a mu Africa ntchito imeneyi. Zonsezi tinazisimba ife tomwe m'kalasi la Sitandade 7 pa phunziro la sayansi, tsiku lina ana atatopa ndi kutentha, pofuna kungowagalamutsa. Sitinadziwe kuti tikuyatsa moto.

Patchuthi cha 2022 anyamata asanu ndi mmodzi anayamba kusema. Anatenga chiwale kudambo chifukwa ndi chopepuka, nsungwi zosenga bwino za mapiko, majumbo okutira mapikowo, sipoko ya njinga, mkanda umodzi woti chikupizo cha kutsogolo chizizungulirapo mosakhuzika, ndi mphira wa chubu chakale wodula timizere topyapyala. Guluu ankatuma munthu kukagula pa Kapiri. Ndege zoyamba zinagwa ngati mwala. Koma tsono taonani zimene anawa anatulukira okha, popanda buku ndi popanda ife. Anaona kuti ndege yolemera kumutu imagwa chamutu, ndipo yopepuka kumutu imakwera mwaliuma, niimirira m'mwamba, nigwa chagada. Anapeza kuti ukaiika pazala ziwiri kunsi kwa mapiko, iyenera kukhazikika pamalo a gawo limodzi mwa magawo atatu a phiko kuchokera kutsogolo, ndipo ikakana ankamata kadongo kumphuno kufikira itavomera. Anaona kuti mapiko ongoti tambalale amapendama msanga, koma ukakweza nsonga zake pang'ono monga amachitira kabawi akamayandama, ndege ikapendekeka imadzibwezera yokha. Anadziwa kuti kachipsepse ka kumchira ndiko kamaletsa mutu kupita uku ndi uku, ndi kuti ndege imaponyedwa moyang'anana ndi mphepo, mphepoyo isachokere kumbuyo. Mphira ankaupota ndi chala pozunguza chikupizo, akuwerenga mokweza, chifukwa ukapitirira muyeso umaduka n'kung'amba zonse.

Kwa makolo amene amati zimenezi ndi kutaya nthawi, tikumbutseko nkhani imodzi. Mu 1878 mbusa wina wa ku America, Bishopu Milton Wright, anabwera kunyumba ndi kachidole kouluka ndi mphira, kopangidwa motsanzira nzeru za Mfalansa wina, Alphonse Pénaud, amene mu 1871 anaulutsa kandege ka mphira mumzinda wa Paris. Ana ake awiri, Wilbur ndi Orville, anasewera nako mpaka kanathyoka, napanga kena. Pa 17 Disembala 1903 ana omwewo, atakula, anaulutsa ndege yonyamula munthu ku Kitty Hawk kwa masekondi 12. Ndiponso pafupi pomwepa, ku Wimbe m'boma la Kasungu, William Kamkwamba anamanga makina ake a mphepo ndi zotayidwa ali mnyamata wosiyira sukulu panjira, anthu akumuseka. Sitikunena kuti mwana aliyense wosema chiwale adzatchuka. Tikungoti kholo lisafulumire kuthyola.

Pofika chaka chotsatira anyamatawo anali atachuluka, ndipo anadzipangira bungwe. Apa mpamene tinaseka chamumtima, pakuti anatengera ife akulu zonse. Anasankha wapampando, mlembi ndi msungichuma, ankatsegula ndi pemphero, ndipo anagula kope la masamba 40 lolembamo malamulo. Zipangizo zawo anapempha kuti azisunga m'kachipinda ka kuseri kwa tchalitchi, ndipo popeza kiyi amakhala ndi ife, tinavomera osaganizira kawiri.

Malamulo awo sanali ambiri. Wofuna kulowa ayenera kupanga ndege ndi manja ake, ngakhale aphunzitsidwe ndi anzake, ndipo ndegeyo ichoke m'manja pagolo n'kukatera kupitirira mzere wa pakati pa bwalo. Amapatsidwa mwayi katatu. Apereke K200 kapena chubu chakale. Wothyola ndege ya mnzake asaulutsenso yake kufikira atakonza ya mnzakeyo. Chiwerengero chisapitirire anthu 15, ndipo chifukwa chake anachilemba pambali: pulayala ndi imodzi, mipeni ndi iwiri. Potsiriza, wolowa aliyense azivomerezedwa pokweza manja.

Tsono mlandu unabwera chonchi. Mbale wathu uja, mkulu wa mpingo mnzathu, ali ndi mwana wamwamuna wa msinkhu womwewo. Malume ake a mwanayo, amene amagwira ntchito ku Johannesburg, anamutumizira ndege ya m'sitolo, yonyezimira, ya batire, youlutsa ndi kachipangizo ka m'manja. Anabwera nayo pabwalo, anzake naizinga mosirira, pakuti inkauluka kuposa zawo zonse. Koma atapempha kulowa m'bungwe anamukana. Anamuuza kuti ndegeyo sanapange ndiye, ndiponso anamukumbutsa kuti masabata angapo m'mbuyomo anamenyera dala mpira pamene iwo anayala ndege zawo, nathyola phiko la mnzawo, nachoka akuseka. Sabata lomwelo anyamatawo analandira mwana wa tenanti wa paesiteti ina ya fodya, mnyamata wolekera sukulu Sitandade 4, woweta ng'ombe za eni, amene sanapondepo m'tchalitchi, ndipo bambo ake ndi a kudambwe. Ndege yake ya chiwale inadutsa mzere paulendo woyamba.

Madzulo ake mbale wathu anafika kwathu. Titapatsana moni ndi kufunsana za kunyumba, anati, "Aphunzitsi, ndabwera kudzafunsa chinthu chimodzi. Kodi bwalo lija ndi la yani? Nanga kachipinda kaja anamanga ndani? Ife tinaumba njerwa, ife tinasenza mchenga, lero ana athu azipirikitsidwa pamalo pathu pomwe ndi ana anzawo, n'kumalowetsa a kudambwe? Mawa wina akadzibaya ndi mpeni, anthu adzafunsa wapampando wa zaka 14 kapena adzafunsa ife?"

Tikupemphani, owerenga, musamuweruze msanga mbale ameneyu. Mawu ake sanali opusa. Malo ndi a mpingo ndithu. Mipeni imacheka ndithu. Ndipo kholo lililonse limene linaonapo mwana wake ataima kunja kwa bwalo, anzake akusewera, likudziwa kuwawa kwake. Kuwonjezera apo, ife aphunzitsi tili ndi nthenda yathu, ndiyo yakuti tikaona ana akuchita chinthu cholongosoka popanda ife, m'mimba mumatentha. Tikuvomereza poyera kuti nthenda imeneyi ndiyo inalankhula mwa ife kuposa nzeru.

M'mawa mwake tinaitana anyamata onse, tinalanda kope lija, tinakhwatcha malamulo awo ndi cholembera chofiira chimene timachongera mayeso, ndipo tinalemba athu. Woyang'anira bungwe ndife. Atsogoleri tidzasankha ndife. Mwana aliyense wa mumpingo alowe popanda kuyesedwa. Wosabwera ku Sande Sukulu asalowe. Tinawerenga mokweza, tinafunsa ngati pali funso. Onse anazyolika. Kenaka wapampando uja anaimirira, manja kumbuyo, nati mwaulemu wonse, "Zikomo aphunzitsi, tamva. Kope ndi lanu tsopano. Kodi mipeni yathu ndi pulayala tingatengeko?"

Loweruka loyamba panabwera ana osawerengeka, ena a Sitandade 1 atabereka azing'ono awo. Panali phokoso, chiwale chinathera kumenyanirana, ndipo palibe ndege imene inanyamuka. Loweruka lachiwiri anabwera ochepa. Lachitatu tinakhala pansi pa mtengo wa mango anthu awiri, ife ndi mwana wa mbale wathu, ndege yake ya ku Johannesburg ili pamwendo, batire litatha mphamvu. Tinapirira ola lathunthu osalankhulana. Titafika kunyumba, mayi a kwathu, amene anali atangochokera kudimba, anatiuza uku akubisa kuseka kuti, "Bambo, ndege zanu zija zasamukira kudambo. Zikuuluka bwino zedi." Anawonjeza kuti mwana wina wamng'ono wadzicheka phazi ndi mpeni wosiyidwa muudzu, ndipo anamumanga ndi nsalu iwo omwe.

Chomwecho zimene tinkaopa zinachitika, koma zinachitikira kutali ndi maso athu, ndipo tinazithamangitsira kumeneko ndife.

Usiku umenewo tinakumbukira zambiri. Ife amene tadutsa zaka 50 tinakula m'masiku a chipani chimodzi, referendamu ya pa 14 Juni 1993 isanachitike. Tikudziwa tanthauzo la khadi logulitsidwa mokakamiza, pamene munthu sankalowa mumsika kapena kukwera basi osalionetsa. Mayina m'kaundula anali ochuluka ngati mchenga, koma ndi angati amene khadilo linali pamtima pawo? Tinakumbukiranso timabungwe ta ana timene takhala tikutiona m'sukulu zaka zonsezi, tobwera ndi galimoto kuchokera kutauni, ndi malaya olembalemba ndi malamulo otayipa kale. Mphunzitsi amasankhidwa kukhala woyang'anira, ana amalembedwa mayina, ajambulidwa chithunzi, ndipo ndalama zikatha kabungweko kamazima ngati moto wa mapesi. Koma kano, kamene palibe anakabweretsa, kanakhala chaka chathunthu ndi K200 ndi machubu akale. Ife tinakapha m'masabata atatu.

Masiku omwewo kunabwera mmodzi wa ophunzira athu akale, amene tsopano amagwira ntchito ku Lilongwe, kudzaona makolo. Titamusimbira, anaseka, natulutsa lamya yake, natiwerengera za mabungwe a akuluakulu oulutsa ndege za zidole kumayiko a kutali. Sitinkadziwa kuti kuli amuna a ndevu, ena opuma pantchito, amene amataya Loweruka lonse pa zimenezi. Ku America kuli bungwe lalikulu lotchedwa Academy of Model Aeronautics, limene linakhazikitsidwa mu 1936, likulu lake lili ku Muncie m'chigawo cha Indiana, ndipo pansi pake pali timabungwe ta m'madera toposa 2,000. Ku Britain kulinso lotere, British Model Flying Association, limene chiyambi chake ndi cha mu 1922. Chimene chinatigwira mtima ndi kagawidwe ka mphamvu. Bungwe lalikulu la ku America limaika malamulo opewera ngozi, limapereka inshuwalansi yoti ndege ikavulaza munthu kapena kuswa katundu pakhale cholipira, ndipo limalankhulira onse pamaso pa boma. Limafunanso kuti oulutsa a m'kabungwe kalikonse kolembetsedwa akhale mamembala ake. Koma za kusankha atsogoleri, kukula kwa chopereka cha pachaka, chiwerengero cha anthu amene bwalo lingawakwane, ndi njira yolandirira watsopano, zimenezi kabungwe kalikonse kamadzilembera kokha.

Chifukwa chake ndi chomveka ngakhale kwa ife a kumudzi. Bwalo loulutsirapo kawirikawiri limakhala lobwereka kapena la lendi. Otchetcha udzu ndi a pomwepo. Anansi akadandaula za phokoso amadandaulira a pomwepo. Munthu mmodzi wosasamala akagwetsera ndege padenga la mwini malo, otaya bwalo ndi a pomwepo, pamene a kulikulu ali phee m'maofesi mwawo. Amene asenza katundu ndiye ayenera kunena ngati angawonjezerepo wina. Komabe mnyamatayo anatiuza kuti kumenekonso madandaulo sasowa. Alipo okanidwa amene amati timabungwe tina tasanduka ta anthu odziwana okhaokha, ndipo zimene angachite ndi kufuna kabungwe kena kapena kusonkhanitsa anzawo n'kuyamba kawo.

Pamene ankawerenga ife manyazi anatigwira, pakuti dongosolo limeneli si lachilendo kwa Mpresbiteria. Ndi lathu lomwe. Pamene mpingo wa CCAP unapangidwa mu 1924 ndi a Livingstonia ndi a Blantyre, a Nkhoma nalowamo mu 1926, sanamange mpando umodzi woti munthu mmodzi azilamula zonse ali pamwamba. Sinodi imaika Zolamulira, Presbiterio imayendera ndi kuyang'anira, koma wa m'kalasi amene akufuna kulandiridwa ku Mgonero amayesedwa ndi mbusa ndi akulu a mpingo wa kwawo, amene amadziwa khomo lake ndi mayendedwe ake. Ndipo woona kuti walakwiridwa ali ndi kokadandaula kumtunda. Tikawerenga Machitidwe a Atumwi mutu 6 timapeza kuti pamene panabuka dandaulo la amasiye osalidwa pa kagawidwe ka chakudya, atumwi sanaloze anthu ndi chala. Ananena makhalidwe ofunika, khamu lomwe linasankha amuna asanu ndi awiri, ndipo atumwi anawaika manja. Ife tikadalandira kalata yochokera kutali yotilamula kuti tilandire uje ndi uje popanda kuwayesa, bwenzi titadzuka tonse kukana. Koma zomwezo tinawachita ana popanda kuphethira.

Tinaonanso kulakwa kwina kobisika. Tinasokoneza kabungwe ka ndege ndi mpingo. Khomo la mpingo ndi la Ambuye, ndipo ndi lotsegukira aliyense wolapa ndi kukhulupirira, wodziwa kusema ndi wosadziwa yemwe. Khomo la kabungwe ka ndege ndi la osema ndege. Ife tinafuna kuti ndege ikhale nyambo yokokera ana ku Sande Sukulu, ndiponso kuti Sande Sukulu ikhale chiphaso cholowera ku ndege, ndipo potero tinachepetsa zonse ziwiri. Mwana woweta ng'ombe uja, amene kwa nthawi yoyamba ankabwera mumthunzi wa tchalitchi Loweruka lililonse ndi kugwada nawo pa pemphero lotsegulira, tinamubwezera kutchire ndi cholembera chofiira.

Kubweza kope kunali kovuta kuposa kulilanda. Mphunzitsi wa zaka zoposa 30 pantchito kutsika kudambo, nsapato zitadzaza matope, kukapepesa ana amene amamuimirira akamalowa m'kalasi! Tinapita ndithu. Atationa anafuna kuthawa. Tinawakhazika pansi, tinati, "Ana anga, tinalakwa. Kope lanu nali." Mlembi analilandira ndi manja awiri, nalitsegula, nayang'ana mizere yofiira ija nthawi yaitali, kenaka anafunsa ngati angang'ambe tsambalo. Tinamupempha kuti alisiye.

Pamsonkhano wa akulu wotsatira nkhaniyi inatenga nthawi yaitali kuposa ya denga lodontha. Tinapempha kuti tigawane chonchi. Za malo, za nthawi ndi za ngozi zikhale m'manja mwa akulu: asaulutse pa Sabata, kapena pamudzi pakagwa maliro, mipeni izibwezedwa m'kachipinda, ana aang'ono aziima kumbuyo kwa woponya, ndipo kutukwana kusamveke pabwalo la mpingo. Za kulandira ndi kukana zikhale za eni ake. Tinangowonjezapo chimodzi, chimene anyamatawo anachivomera mosavuta, chakuti wokanidwa aziuzidwa lamulo limene lamukanitsa, ndipo aziloledwa kuyesanso pakatha mwezi. Ena anatsutsa kwambiri za mwana wa kudambwe. Abusa anamvetsera onse, nafunsa funso limodzi lokha, lakuti kodi tikufuna mwanayo azikhala kuti Loweruka masana. Zinavomerezedwa, koma osati ndi onse, ndipo mbale wathu uja anatuluka pemphero lotsekera litangotha, osagwirana chanza ndi munthu.

Tikadalekera pamenepa mukadayesa kuti ana akasiyidwa okha amachita zolungama nthawi zonse. Ayi ndithu, iwonso ndi ana a Adamu. Patapita miyezi iwiri kunabwera mtsikana wa Sitandade 6, mlongo wa mmodzi wa iwo. Zinadziwika pambuyo pake kuti mapiko osalala a ndege ya mchimwene wake, amene onse ankawatama, ankakuta ndiye. Anabwera ndi ndege yake ndi K200 yake. Anyamata anamuseka, nati ndege si za atsikana, apite akaphike masanje. Anabwera kwa ife akulira.

Apa tinasowa pogwira. Dzulo lomweli tinalonjeza kuti sitidzalowereranso. Tinapita pabwalo, tinapempha mlembi kuti awerenge malamulo onse mokweza. Anawerenga kufikira kumapeto, ndipo la atsikana munalibe. Mmodzi wochenjera anati, "Ndiye tilembemo lero, aphunzitsi. Munanena nokha kuti kope ndi lathu." Tinamuyankha kuti kope ndi lawodi, ndipo angalembemo zimene afuna. Koma tinawauzanso kuti lamulo lolembedwa munthu atagogoda kale pakhomo, lolembedwera kumutsekera iyeyo, ife sitingalitche lamulo. Ndiponso tinati bwalo ndi kachipinda ndi za mpingo, ndipo mpingo sungabwereke malo ake kwa anthu okana mnzawo chifukwa cha chibadwidwe chake, chinthu chimene sangachikonze ngakhale atayesa miyezi 12. Kalata ya Yakobo mutu 2 imatsutsa tsankho la pakhomo la msonkhano, ndipo ife sitikuona kuti tsankholo limasanduka labwino likachitikira kuseri kwa tchalitchi.

Sitikubisa kuti pamenepo tinagwiritsa ntchito mphamvu. Kiyi anali m'thumba mwathu ndipo ana ankadziwa. Mbale wathu atamva anatipeza panjira, nati, "Aphunzitsi, ndaona chilungamo chanu. Wanga munati simungakakamize, wa eni mwakakamiza." Mawuwo anatilasa, ndipo takhala tikuwatembenuza kawirikawiri. Yankho limene tinamupatsa, limene tikuliyesabe loona, ndi lakuti mtsikanayo sitinamulowetse ife. Tinangomutsegulira njira yofikira pagolo kuti ayesedwe ndi muyeso womwe anzake anayesedwa nawo. Mwana wake njirayo inali yotseguka chiyambire: akonze phiko limene anathyola, aseme yake, aponye. Koma tikuvomereza kuti malire a pakati pa kuteteza ndi kulamulira ndi opyapyala ngati mphira wa chubu, ndipo munthu wogwira kiyi sachedwa kudzinamiza kuti akuteteza pamene akulamulira. Makolo anzathu, inu amene muli ndi makwaya a achinyamata, timagulu ta mpira ndi ta masewero pamipingo yanu, mudzakumana nawo malire amenewa, ndipo sitingakulonjezeni kuti mudzawaona bwino kuposa ife.

Mtsikanayo anaponya. Ulendo woyamba mphepo inamulanda, ndege nikagwera kumbali. Ulendo wachiwiri anadikira mphepo idekhe, monga ankaonera mchimwene wake, ndipo ndegeyo inayandama mpaka kupitirira mzere ndi mapazi ambiri. Pokweza manja ovomera anaposa okana ndi awiri okha. Anyamata awiri anatenga ndege zawo nachoka, ndipo mmodzi sanabwererenso mpaka lero. Mayi ake amatipatsa moni wozizira. Tsopano atsikana alipo atatu, msungichuma ndi mmodzi wa iwo, ndipo lamulo la anthu 15 analisintha okha atagula pulayala yachiwiri. Woweta ng'ombe uja ndiye amaphunzitsa atsopano kusema chikupizo. Ku Sande Sukulu wabwerako kawiri kapena katatu, ndipo ife taphunzira kusamufunsa.

Mwana wa mbale wathu anakhala chaka chonse osayandikira. Ndege ya ku Johannesburg inathyoka chikupizo, ndipo china sichipezeka kuno. Patchuthi chapitachi, madzulo ena, tinamva kugogoda, ndipo anali iye, ataima pakhonde, maso pansi. Anati, "Aphunzitsi, ndimati mundibwerekeko mpeni." Sitinamufunse kuti ndi wa chiyani. Tinamva pambuyo pake kuti anayamba wapita kwa mwini phiko lija, amene anali ataiwala kale, namupangira lina. Lachitatu lake anatulukira ndi ndege yakeyake, yokhota mchira, yolemera ndi guluu.

Loweruka anaima pagolo, anapota mphira, anaponya katatu. Ulendo wachitatu ndegeyo inagwa patatsala mapazi asanu kuti ifike pamzere. Ena anayang'ana kwa ife, koma ife tinayang'ana kumbali. Mlembi analemba tsiku m'kope, namuuza kuti abwerenso mwezi wa mawa, ndipo woweta ng'ombe anatola ndegeyo, naiika pazala ziwiri, namuonetsa pofunika kuchotsa dongo. Bambo ake anali ataima chapatali pansi pa mtengo wa mango, atagwira njinga, ndipo anakhala pomwepo mpaka ana onse atabalalika.